Katundu Wotchipa wa ku Nsabwe

1

Dzina langa ndine Triza, ndipo ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Anthu a kulayini kwathu, kunyumba za antchito, akamakamba za ine amapukusa mitu n'kumati, "Mwana uja mwamuna anam'pusitsa, n'zomvetsa chisoni." Chaka chathunthu ndakhala ndikulandira chisoni chimenecho ngati ndichangadi. Chandikwana. Lero ndinena zonse mmene zinayendera, ndipo mukamaliza kuwerenga muone nokha ngati ndikuyenera kumveredwa chisoni.

Crispin Namakhwa ndinadziwana naye pa sikelo pamene timayezetsa masamba. Iye ankagwira ntchito ku fakitale, yonyamula matumba. Anali munthu wa mawu ofewa, wa malaya ochita kusita ngakhale tsiku la matope. Anandiuza kuti kwawo ndi ku Nsabwe, makolo ake anamwalira, ndipo sanakwatirepo. Pa chinkhoswe anabwera ndi bambo mmodzi yekha amene anati ndi amalume ake. Abale anga sanafunse zambiri, inenso sindinafunse.

Mwezi womwewo kampani inandipatsa nyumba ya kulayini, nditadikira zaka zitatu. Inali ya zipinda ziwiri, ya simenti pansi, ya chitseko chotsekeka ndi loko. Tsiku lolowa ndinavina ndekha m'menemo. Koma kuvinako kutatha ndinayang'ana uku ndi uku n'kuona kuti katundu wathu yense anali mphasa imodzi, mapoto awiri, mbaula, ndowa, ndi chingwe chopachikapo zovala.

Woyamba kudzatizonda anali Queen, mkazi wa nyumba yoyandikana nayo. Anaima pakhomo, manja m'chiuno, maso ake akuyendayenda m'makona.

"Nyumba yabwino, asisi. Nanga tikhale pati? Kapena tiimirire ngati tili pamzere wa sikelo?"

Ndinamupatsa chigubu cha madzi kuti akhalepo. Anachipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kukhala chammbali ngati chimuluma. Pofika mawa lake layini yonse inali itadziwa kuti kwa Triza mlendo amakhala pa chigubu. Mumtima ndinalumbira kuti mkazi ameneyu ndidzamutseka pakamwa.

2

Ndinalowa chipereganyo ndi amayi asanu a m'gulu lathu lothyola. Ndinasiya nyama, ndinasiya mafuta odzola, sopo wochapira yemweyo ndiye ankakhalanso wosambira. Itakwana nthawi yanga yolandira, ndinamanga ndalamazo pa chitenje n'kuyamba kusaka.

Za katundu watsopano ndinaziiwala tsiku loyamba lomwelo. Kalipentala wa pa Goliati atanditchulira mtengo wa bedi lopanda matiresi, ndinaona kuti ndi malipiro anga a miyezi itatu. Ndinangotsanzika.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Bvumbwe, kwa bambo wina amene amagulitsa katundu wakale m'shedi ya malata. Anandilandira ndi mano onse panja.

"Mwafika penipeni, mayi. Bedi ili linali la mzungu. Ligwireni mumve kulimba kwake."

Nditakweza thabwa limodzi, nsikidzi zinabalalika ngati ana oweruka kusukulu.

"Zimenezo n'zaulere, sitikuwerengerani," anatero bamboyo akuseka.

Anandionetsa sofa imene mawaya ake anali atatulukira panja, ndi tebulo la miyendo itatu ndi theka, lodyedwa ndi chiswe. Nditamuuza ndalama zimene ndinali nazo, kuseka kuja kunatha.

"Ndi zimenezo mukagule mpando umodzi wapulasitiki, muzikhalirana ndi abambowo. Pano musatitayire nthawi."

Kenaka ndinamva kuti kalaliki wina wa pa esiteti yoyandikana nayo akupuma pantchito ndipo akugulitsa katundu wake motchipa. Ndinayenda maola awiri m'minda ya tiyi, mvula ikundiwomba kumaso. Ndinafika mkazi wa kapitawo wina akumangirira mpando womaliza panjinga.

"Mwachedwa," anatero osandiyang'ana n'komwe.

Pobwerera ndinkalankhula ndekha m'njira ngati wamisala. Ine ndimawerama kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, dengu kumsana, zala zong'ambikang'ambika, kuthyola tiyi woti anthu ena akamwe atakhala pa masofa ofewa. Koma ineyo ndikaweruka, msana ukuwotcha, ndilibe ngakhale poutsamiritsa. Ndinafika kunyumba n'kuponya ndalama zija pamphasa.

"Tengani mukamwere, a Crispin! Zilibe ntchito. Tidzafera pa mphasa pomwepa."

3

Crispin anazitola modekha.

"Usalire, Triza. Kwathu ku Nsabwe kuli mnzanga wina akupita ku Joni. Akugulitsa zonse za m'nyumba mwake, ndipo akufulumira. Ndikamulankhula ineyo, zimenezi zikwana."

"Tipitire limodzi ndikaone."

"Ayi, akaona mzimayi akweza mtengo. Ndisiyire ine."

Loweruka masana ndikuchapa kuseri, ndinamva hutala. Kagalimoto kapikapu kanaima pakhomo pathu, kodzaza mpaka pamwamba, Crispin ali chiimire kumbuyo ngati mkwati. Anatsitsa bedi la mbawa ndi matiresi ake, mipando itatu ya makhushoni ofiira, tebulo lopaka vanishi, ndi kabati ya magalasi yokhala ndi madirowa awiri m'munsi. Zinali zogwiritsidwa kale ntchito, koma zosamalidwa ngati mwana. Panalibe nsikidzi ngakhale imodzi.

Layini yonse inakhamukira pakhomo panga. Ndinamufuna Queen m'gululo mpaka ndinamupeza.

"Asisi, lowani mudzakhale. Sankhani mpando umene mukufuna."

Analowa, anakhala, anasisita khushoni, osanena kanthu. Tsiku limenelo ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chibadwire. Crispin ndinamuphera nkhuku yobwereka kwa amayi anga.

Masabata atatu otsatira ndinali munthu wina. Ndinaluka tinsalu toyala pa mipando. M'kabati ndinaikamo makapu anga anayi motalikirana kuti aoneke ambiri. Chitseko ndinkachisiya chotsegula dala kuti odutsa aziona.

4

Lachinayi lina masana amayi a Mvano anabwera kudzapempherera nyumba yathu. Analipo asanu ndi atatu, motsogozedwa ndi mayi Alesi, mtsogoleri wawo, mayi wachikulire amene aliyense kulayini amamuopa. Atatu anakhala pa mipando, ena pamphasa. Queen naye anabwera ngakhale si wa mpingo wathu.

Tili pakati pa nyimbo, tinamva "Odi!" pakhomo.

Panaima mzimayi wowonda, miyendo ili mbuu ndi fumbi, mwana wakhanda kumsana. Pambali pake panali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, dzanja lake lamanja litakulungidwa ndi bandeji kuyambira pachigongono mpaka ku zala. Mzimayiyo sanayang'ane munthu aliyense. Ankayang'ana mipando.

"Pepani ndasokoneza mapemphero. Kodi pano ndi pa Crispin Namakhwa?"

"Ndi pomwe pano," ndinayankha. "Ine ndine mkazi wake. Mukufuna chiyani?"

"Ine ndine Marita, ndachokera ku Nsabwe. Mipando mwakhalirayo ndi yanga. Tebulo ilo, kabati iyo, ndi bedi limene lili kuchipindako."

Nyimbo inafera m'kamwa mwa amayi aja. Ndinaona Queen akukonza pokhala kuti aonere bwino, ndipo mutu wanga unatentha.

"Iwe mayi, wadya chiyani? Katunduyu ndagula ndi thukuta langa! Ngati wabwera kudzapempha, pempha bwino. Usabwere ndi misala pakhomo panga!"

"Sindikupempha, asisi. Ndinagulitsa nthochi zaka zisanu ndi chimodzi kuti ndikhale ndi zinthu zimenezi. Crispin ndi mwamuna wanga. Ana awa ndi ake."

"Bodza! Hule iwe, wakuba! Choka!"

Ndinamukankha pachifuwa ndi manja awiri. Anadzandira chambuyo, khanda lija linalira, ndipo kamtsikana kaja kanagwa chokhala pa sitepe, n'kukweza dzanja la bandeji m'mwamba kuti lisagunde pansi. Sikanalire. Kanangondiyang'ana.

"Triza!" anakuwa mayi Alesi. "Ukukankha munthu wobereka mwana? Khala pansi!"

Marita anadzutsa mwana wake, n'kumusasa fumbi. Sanakweze mawu.

"Amayi, tembenuzani mpando uliwonse. Anakhoma ndi mchimwene wanga Elson. Pansi pake analembapo dzina langa ndi msomali wamoto."

"Palibe atembenuze mpando wanga!" ndinakuwa.

Mayi Alesi anadzuka, anachotsa khushoni, n'kutembenuza mpando umene anakhalira. Amayi onse anawerama. Pathabwa la pansi panali zilembo zakuda zopserera: MARITA.

5

Amayi aja anamulowetsa Marita m'nyumba n'kumupatsa madzi. Anakana kukhala pa mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko n'kufotokoza. Anakwatirana ndi Crispin zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Makolo ake a Crispin ali moyo onse awiri. Atapeza ntchito ku fakitale ankabwera kunyumba kamodzi pamwezi, kenaka anangosiya. Mwezi wathawo khanda lija linadwala chibayo, Marita n'kukagonekedwa nalo kuchipatala ku boma masabata awiri, wamkuluyo, Daisy, atamusiya kwa mchemwali wake. Potuluka anapeza loko wothyoka, m'nyumba muli mbee. Anansi anamuuza kuti Crispin mwini wake anabwera ndi galimoto, ndipo anawauza kuti akusamutsira banja lake ku esiteti.

Ali mkati mofotokoza, Crispin anatulukira akuimba mluzu, kuchokera kuntchito. Ataona Marita anaima ngati wagunda khoma.

"Ababa," anatero Daisy motsitsa.

Ndinamugwira malaya ake ositasita aja. Ulemu wonse unathera pomwepo.

"Iwe Crispin, mnzako wa ku Joni uja ndi ameneyu? Yankha! Amalume unabwera nawo pa chinkhoswe aja anali ndani?"

"Triza, tikambirane awiri, anthu achoke kaye..."

"Palibe achoke! Anali ndani?"

"Mnzanga wa ku fakitale," anatero chapansipansi. Kenaka analimba mtima n'kutembenukira kwa amayi aja. "Komatu amayi, ukwati ndi uyu unatha kalekale. Ndipo katundu wa m'nyumba ndi wa mwamuna. Ndalakwa chiyani kutenga zanga?"

"Unagulapo chiyani iwe?" anafunsa Marita. "Tchula ngakhale supuni."



"Nanga ndalama zanga zija?" ndinamufunsa Crispin.

Anayang'ana pansi. Foni yatsopano inkaonekera m'thumba la malaya, imene anandiuza kuti wapatsidwa ndi bwana wake. Ndinaisolola n'kuimenyetsa pa simenti. Ndinalowa kuchipinda, ndinakokolola zovala zake zonse n'kuziponya m'ngalande ya kuseri. Nyumba inali ya pa nambala yanga ya ntchito, osati yake, ndipo ndinamuuza zimenezo mokuwa kuti layini yonse imve. Anatola zimene anatha kutola n'kulowera m'minda ya tiyi, ana akumukuwiza.

Amayi anandizungulira, wina akundisisita kumsana, wina akundipukuta misozi. Ngakhale Queen anati, "Pepani asisi, amuna ndi afiti."

Phokoso litachepa, Marita anadzuka n'kupita pa kabati.

"Za mipando tikambabe. Chimene ndayendera ulendo wonsewu ndi buku la kuchipatala la Daisy. Ndinkalisunga m'dirowa iyi."

Anatsegula dirowa yoyamba, yachiwiri, anazitulutsa zonse n'kupisa dzanja kuseri kwake. Munalibe.

"Mwanayu ali ndi matenda a kugwa," anafotokozera mayi Alesi. "Amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi. Dzina la mankhwalawo ndi muyezo wake zinali m'bukumo, ine sindidziwa kuwerenga. Nditapita wopanda buku anandiuza kuti ndidikire tsiku la adokotala a matendawo kuti adzamuyezenso. Mankhwala anatha. Sabata yathayi anagwera pamoto."

Anatembenukira kwa ine.

"Asisi, pokonza m'kabatimu simunaone kabuku kachikasu?"

"Sindinaone kanthu," ndinayankha.

6

Apa ndi pamene aliyense kulayini amathera nkhaniyi. Zotsalazi sakuzidziwa.

Katundu anabwera Loweruka. Lolemba nditaweruka ndinatulutsa madirowa kuti ndipukute fumbi, ndipo kuseri kwa dirowa yam'munsi kunagwa kabuku kachikasu kokutidwa ndi pulasitiki ya shuga. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, kuwerenga ndimatha bwinobwino. Pachikuto panalembedwa kuti Daisy Namakhwa. Dzina la bambo, Crispin Namakhwa. Dzina la mayi, Marita. Mudzi unalembedwa, mfumu yake inalembedwa. M'kati munali masamba ndi masamba a mankhwala, ndipo pa tsamba lomaliza panali tsiku loti mwanayo akalandirenso ena. Linali Lachinayi la sabata yotsatira.

Ndinaliwerenga katatu nditakhala pa mpando wa khushoni yofiira. Ndinamvetsa zonse nthawi yomweyo. Kunalibe mnzake wa ku Joni. Kunali mkazi, kunali mwana wodwala, ndipo ndinali nditakhalira mpando wawo.

Ndinali ndi masiku khumi. Madalaivala a minibasi amanyamula makalata tsiku ndi tsiku. Pa esiteti pathu pali anthu a ku Nsabwe oposa khumi amene amapita kwawo Loweruka lililonse. Ndikanatha kulipereka kwa mmodzi wa iwo osatchula ngakhale dzina langa.

Koma ndinaganiza kuti bukulo likafika, adziwa kumene katundu ali. Ndinaona galimoto ikubwera kudzatenga zonse, ndinaona chigubu chikubwerera pabalaza, ndinamva kuseka kwa Queen. Pambaula panali nyemba. Ndinaphula mphikawo, ndinaika bukulo pamakala, n'kudikira mpaka lonse litasanduka phulusa. Kenaka ndinabwezerapo nyemba zija. Crispin atabwera ndinamupatsa madzi osamba, sindinamufunse kanthu.

Choncho pamene ndinkamutchula Marita kuti hule ndi wakuba, ndinkadziwa kuti ndi ndani asanatsegule n'komwe pakamwa. Nditaona bandeji ija ndinadziwa chimene chachitika. Ndinamukankha chifukwa ndinkafuna achoke msanga asanafike pa kabati.

7

Loweruka lake amayi a Mvano anasonkha ya galimoto, ndipo katundu anabwerera ku Nsabwe. Mayi Alesi anati ndisavutike kupita nawo, koma ndinakwera. Msewu wonse ndinagwirizira galasi la kabati kuti lisasweke m'mabampu.

Titamaliza kulowetsa zinthu, Marita anakhala pakhonde n'kuyamba kumasula bandeji ya Daisy kuti atsuke bala. Ndinaona dzanjalo. Khungu linali litasupuka, zala ziwiri zitamatirirana. Mwanayo analuma mlomo, osalira. Ndinagwada pomwepo.

"Mayi a Daisy, buku lija ndinaliona. Ndinaliotcha ndine."

Sanasiye kutsuka balalo. Anamaliza, anakulunga bandeji yatsopano, anauza mwanayo kuti alowe m'nyumba. Kenaka anandiyang'ana.

"Munaliwerenga?"

"Ndinaliwerenga."

"Tsiku la mankhwala munaliona?"

"Ndinaliona."

Anaimirira pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza khofi, ndipo ndikanalilandira mosangalala. Sanandimenye.

"Crispin ndi galu, ndinamudziwa kale. Koma inu ndinu mzimayi. Mukanangonditumizira bukulo, mipandoyo ndikanakusiyirani. Ndithu ndikanakusiyirani. Nyamukani pakhomo panga."

Ndinayamba kunena kuti pepani.

"Pepani wanuyo mukamuuze mwanayo akadzakula, akadzafunsa chifukwa chake sangagwire pensulo. Nyamukani!"

Ndinanyamuka. Dalaivala anandifunsa chimene chachitika, ndinati palibe.

8

Crispin anasiya ntchito sabata yomweyo. Ena amati ali ku Limbe, ena amati anawolokera ku Mozambique. Marita sanauze munthu aliyense wa kuno zimene ndinamuuza, ndipo sindikudziwa chifukwa chake. Daisy ndimamva kwa anthu a kwawo kuti anayambanso kulandira mankhwala ndipo akuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere. Kawiri ndinatumiza shuga ndi sopo. Kawiri konse zinabwezedwa osatsegula.

Inu amene mukuwerenga, makamaka atsikana anzanga amene mukulowa m'nyumba yanu yoyamba muli manja lende, ndikudziwa mmene zimapwetekera mlendo akasowa pokhala. Ndikudziwa mkwiyo umene umakugwira ukamagwira ntchito mwezi wathunthu koma osakwanitsa ngakhale tebulo lodyedwa ndi chiswe. Mkwiyo umenewo ndikadali nawo. Ndimakwiyira malipiro athu, ndimakwiyira Crispin, ndipo ndikadzakumana naye sindikudziwa chimene ndidzachite. Kugula katundu wakale si tchimo, ambiri timayambira pomwepo. Koma pitani nokha, muone nyumba imene akuchokera, mumuyang'ane m'maso amene akugulitsayo. Zikatchipa mopitirira, funsani kuti mwini wake ali kuti.

Ndipo mukadzapeza yankho, musadzachite zimene ndinachita ine. Crispin anaba matabwa ndi makhushoni, ndipo zonsezo zinabwerera kwa mwini wake pa galimoto tsiku limodzi. Dzanja la Daisy ndinaotcha ndine. Marita sanandikhululukire, ndipo sindinapitenso kukamupempha, chifukwa ndikanakhala iyeyo, nanenso sindikanakhululuka.